Kanema pa kaseti ya nyimbo: momwe ntchito ikuyendera

Cholinga cha ntchitoyi n'choti kaseti wamba ya nyimbo, ija tinkabwezera ndi bolopeni, izisunga kanema. Munthu aziika kaseti mu deki, adine batani, chithunzi chiziyenda pa kasikirini kakang'ono ndipo mawu azituluka pa sipika. Lamulo ndadziikira limodzi lokha: chithunzicho chikhaledi pa tepi.

Lamuloli ndaliika dala. Masiku ano kuli tizipangizo tambiri tooneka ngati tachikale, timakaseti tokongola tomwe ukalowetsa m'kabokosi filimu imayamba. Ukatsegula m'kati umapeza kuti m'kasetimo abisamo kachidutswa ka NFC, kamene kamangouza kabokosiko filimu yoti kaonetse, filimu yeniyeni ili pa memory card. Ana amasangalala nato, ndipo sindikunyoza amene amapanga. Koma pamenepo kaseti ndi kiyi chabe. Utasolola tepi yonse n'kukataya kudzala, kanema aonekabe bwinobwino. Ine ndikufuna zoti tepi ikakwinyika, chithunzi nachonso chikwinyike pomwepo.

Epulo: masamu kaye

Ndisanawononge ndalama ndinayamba ndawerengera. Kaseti imene a Philips anatulutsa mu 1963 ili ndi tepi ya mamilimita 3.81 m'lifupi, yoyenda masentimita 4.76 pa sekondi. Pa liwiro limeneli deki yabwinobwino imasunga mawu okwera kufika cha m'ma 12,000 Hz (Hz ndi chiwerengero cha mafunde pa sekondi), ina kupitirirako pang'ono. Kanema wa PAL, mtundu umene TVM inayamba nawo mu 1999, amafuna pafupifupi 5 miliyoni Hz. Kusiyana kwake n'koposa ka 400.

A JVC, amene anatulutsa VHS mu 1976, anazemba vutoli mochenjera. Tepi ya VHS ya PAL imayenda masentimita 2.34 okha pa sekondi, moti kaseti ya nyimbo imaiposa kuthamanga. Chinsinsi chili pa mahedi, tizitsulo timene timalemba ndi kuwerenga pa tepi. Iwo ali pa kamgolo kopendekeka kozungulira ka 1,500 pa mphindi, ndiye amadula tepi chopingasa pa liwiro la pafupifupi mamita 5 pa sekondi. Mu deki ya nyimbo hedi imangokhala phee pamalo amodzi, tepi n'kumadutsa.

Njira zotsala ndi ziwiri, kuthamangitsa tepi kapena kuchepetsa chithunzi. A Fisher-Price anachita zonse ziwiri mu 1987 pa kamera ya ana yotchedwa PXL-2000. Chithunzi chake chinali chakuda ndi choyera, cha timadontho 120 m'lifupi ndi 90 m'litali, zithunzi 15 pa sekondi, ndipo tepi inkathamanga pafupifupi ka 9 kuposa masiku onse. Kaseti ya mphindi 90 inkatha m'mphindi 11. Ndinachulukitsa manambalawo: 120 kuchulukitsa ndi 90, kenako ndi 15, zikupereka timadontho 162,000 pa sekondi. Ukagawa ndi 9 ukupeza 18,000. Ndiwo malire a kaseti ikamayenda mwa masiku onse, timadontho tosafika 20,000 pa sekondi.

Ine sindikufuna kuthamangitsa tepi, chifukwa ndikufuna kaseti yanga iziyenda mu deki iliyonse popanda kuisintha. Ndiye ndatengera muyeso wa gulu la ku Britain lotchedwa Narrow-bandwidth Television Association, anthu amene mpaka lero amaseweretsa wayilesi yakanema ya mizere yochepa ngati ya m'masiku a John Logie Baird, mmodzi mwa anthu oyambitsa wayilesi yakanema. Muyeso wawo ndi mizere 32 yoimirira, zithunzi 12.5 pa sekondi, kutanthauza mizere 400 pa sekondi. Ndikaika timadontho 48 pa mzere uliwonse zikukwana 19,200 pa sekondi. Zikulowa, koma mothina.

Chithunzi choterechi n'chachitali kuposa m'lifupi mwake. Baird naye ankachiimiritsa, chifukwa chimene ankafuna kuonetsa ndi mutu ndi mapewa a munthu. Zandikomera, poti makanema a pafoni a masiku ano nawonso ndi oimirira, ndiye sindikudula zambiri.

Epulo, chakumapeto: deki

Wayilesi zonyamula pamanja, zija za mabatire asikisi, sizingandithandize pojambula. Zambiri zimadzikwezera ndi kudzitsitsira mphamvu ya mawu zokha. Pa nyimbo n'zabwino, koma pa kanema ndiye kuti khoma loyera likangolowa m'chithunzi, nkhope ya munthu idzada. Ndinafunika deki yokhala ndi kotembenuzira mphamvu pamanja ndi timivi tiwiri toonetsa mlingo.

Ndinaipeza mumsika ku Limbe, pa benchi ya madala ena okonza mawayilesi, itaunjikidwa pansi pa ma DVD player akufa. Mota inkalira koma tepi osayenda. Titatsegula tinapeza lamba atasungunuka, wasanduka zinthu zakuda zomata zimene zinadetsa zala zanga mpaka mawa lake. Madalawo anafunsa kuti ndikufuna kumvera nyimbo zanji. Nditafotokoza anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Mwana wanga, mufuna kuonera mpira pa kaseti ya kwaya?" Ndinati, "Ayi bambo, nkhope ya munthu mmodzi yokha basi." Anaseka, koma anatulutsa kachitini ka malamba akale, tinayesa mmodzimmodzi mpaka tinapeza wokwana. Anandichenjeza kuti ndisayerekeze kuikamo labala yomangira ndalama, imatamuka ndipo nyimbo imayamba kulira ngati munthu woledzera.

Kunyumba ndatsuka hedi, kachitsulo kokoka tepi ndi kagudumu ka labala kopanikiza tepi, ndi thonje ndi sipiriti. Thonje loyamba linatuluka lofiirira.

Meyi: kusandutsa kanema kukhala phokoso

Mbali iyi inayenda msanga. Pa kompyuta pulogalamu yosinthira makanema yotchedwa ffmpeg imachepetsa kanema kufika pa 32 ndi 48, n'kuchotsa mitundu. Kapulogalamu kamene ndinalemba m'chilankhulo cha kompyuta cha Python kamatenga mzere uliwonse n'kuusandutsa mafunde: kuyera ndi kukwera, kuda ndi kutsika. Fayilo ya mawu ndi ya 48,000 pa sekondi, ndiye mzere umodzi umatenga manambala 120 ndendende. Ndawagawa motere: 12 oyamba ndi kachizindikiro koti mzere wayamba, kamene kamatsika kupitirira kuda, 6 otsatira ndi akuda, 96 ndi chithunzi, awiri pa kadontho, 6 omaliza ndi akudanso. Pofuna kusonyeza poyambira chithunzi chatsopano ndimasiya kachizindikiro kamodzi osaika, monga amachitira a gulu lija. Makina akadikira n'kuona kuti sikanabwere, adziwa kuti tabwerera pa mzere woyamba.

Kanema ali kumanzere, mawu ali kumanja. Ukaiwala n'kumvetsera mbali yakumanzere pa sipika umamva kulira kosalekeza kwa 400 Hz, kosakanikirana ndi kukhetchera kumene kumasintha munthu wa m'chithunzi akasuntha. Akunyumba andiletsa kuyesa zimenezi usiku.

Kanema woyesera ndi mphwanga wamkazi atakhala pakhonde, akutembenuza mutu uku ndi uku, n'kumwetulira pamapeto. Ndinajambula pa kaseti, n'kubwezera mawuwo mu kompyuta kudzera pa pulogalamu yojambulira mawu ya Audacity, kuti ndione chimene tepi yabweza ndisanayambe zowotcherera mawaya.

Chinabwera chinali nkhope, koma ya dziko lina. Khungu loyera mbuu, mano akuda bii, maso ngati mabowo awiri owala. Deki iyi imatembenuza mafunde chadodolido, chokwera chimatuluka chotsika. Khutu silimva kusiyana kumeneku, n'chifukwa chake opanga madeki sankasamala. Diso limaona nthawi yomweyo. Mphwangayo ataona anati, "Amalume, mufufute chimenecho, anzanga asachione." Kukonza kwake n'kosavuta: pulogalamu imayang'ana kumene tizizindikiro taloza, ngati taloza m'mwamba imatembenuza zonse. Ndaisiya kuti izichita yokha, chifukwa deki ina idzatembenuza, ina ayi.

Meyi mpaka Juni: tepi sisunga nthawi

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Kuika chithunzi pa tepi si nkhani. Baird anachita kale zofanana ndi zimenezi mu 1927, pojambula kanema wa mizere 30 pa mbale za galamafoni, njira imene anaitcha Phonovision. Chomwe chinamukanika ndi kuchibweza kuti chioneke bwino. Mbalezo zinakhala zaka zoposa 50 mpaka m'zaka za m'ma 1980, pamene Donald McLean anagwiritsa ntchito kompyuta kuwongola mizere yake, nkhope zija n'kuonekera. Chithunzi chinalimo nthawi yonseyi, koma mzere uliwonse unkafika pa nthawi yakeyake.

Tepi nayo ndi chimodzimodzi. Pa kompyuta mzere ndi manambala 120, osapitirira, osachepa. Pa deki, lamba amatamuka pang'ono, kagudumu ka labala sikozungulira ndendende, tepi imakhala yolemera kumayambiriro kwa kaseti n'kupepuka kumapeto. Tiyerekeze kuti deki yosewera ikuchedwa ndi magawo awiri pa 100 poyerekeza ndi imene inajambula. Pa nyimbo palibe angadandaule. Pa kanema ndiye kuti mzere uliwonse watalika ndi manambala awiri ndi theka, ndipo pofika mzere wa 32 kuphonyako kwaunjikana mpaka kuposa theka la mzere. Pulogalamu yanga yoyamba inkangowerenga 120, n'kudula, 120, n'kudula. Nkhope inatuluka yopendekeka ngati nkhokwe yodyedwa ndi chiswe, ikuyendanso pang'onopang'ono kutuluka m'munsi n'kudzalowera pamwamba.

Kupendekeka kumeneku n'kwa liwiro lolakwika koma lokhazikika. Palinso kugwedera, pamene liwiro limakwera ndi kutsika kangapo pa sekondi. Uku kumachititsa kuti m'mphepete mwa chibwano muzioneka mano a sowo amene akuvina.

Ndinayamba ndalimbana ndi deki. M'kati mwa mota muli kasikuluu kosinthira liwiro, ndinakatembenuza mpaka kulira kuja kunafika 400 Hz yeniyeni. Zinaongoka kwa kanthawi, koma deki itatentha zinayambanso kupendekeka, ndipo mu wayilesi ya aneba sizinaongoke n'komwe. Njira imeneyi ndinaisiya. Kaseti imene imafuna deki imodzi yokha, pa kutentha kumodzi kokha, si kaseti.

Panopa pulogalamu yasiya kulamula tepi, ikungoitsatira. Siwerenganso 120. Imadikira kachizindikiro, n'kusunga manambala onse mpaka kachizindikiro kotsatira, kaya akwana 117 kaya 124, kenako imawatambasula kapena kuwafinya kuti akwane timadontho 48. Mzere uliwonse umayezedwa pawokha. Kupendekeka kunatheratu, mano a sowo anatsala ochepa kwambiri.

Vuto latsopano linali loti tsitsi lakuda kwambiri nthawi zina linkaoneka ngati kachizindikiro, makina n'kuyamba mzere pakati pa mutu. Ndaika malire: ngati kachizindikiro kabwera manambala 108 asanakwane, n'kabodza, kasiyidwe. Ngati 132 adutsa kasanabwere, makina aganize kuti kanalipo pamalo pake n'kupitiriza, ndipo ngati zimenezi zachitika patatha mizere 31 ndiye kuti ndi pobwerera paja. Malamulo awiriwa ndi ochepa, koma ndi amene akugwira chithunzi chonse.

Juni: mithunzi

Chithunzi chitaima nji ndi pamene ndinaona zina zimene kugwedera kunkabisa. Pansi pa chinthu chilichonse chowala pankatsika mthunzi wakuda, ndipo chithunzi chonse chinkawala kapena kuda malinga ndi zimene zilimo. Chifukwa chake n'choti tepi imasunga kusintha kokha. Mawu otsika kwambiri, a pansi pa 40 Hz kapena chapomwepo, imawataya, ndipo mlingo wongokhala osasintha siusunga n'komwe. Koma kuwala kwa khoma lonse ndi mlingo wosasintha.

Apa ndi pamene manambala 6 akuda aja agwira ntchito. Pa mzere uliwonse pulogalamu imayang'ana pamenepo n'kunena kuti, chilichonse chimene ndapeza apa ndiye kuda, zina zonse ndiyezera pamenepa. Wayilesi zakanema zakale zinkachitanso chimodzimodzi ndi tizipangizo tamagetsi totchedwa ma capacitor ndi ma diode. Mithunzi sinatheretu, koma nkhope tsopano ikudziwika kuti ndi ya ndani.

Ndinayesakonso njira ya anthu a SSTV, kanema woyenda pang'onopang'ono, imene Copthorne Macdonald anayambitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 potumiza zithunzi pa wayilesi za amateur, zimene anthu wamba amalankhulirana mongodzisangalatsa. Iwo sagwiritsa ntchito kukula kwa mawu koma kukwera kwake: 1,500 Hz ndi kuda, 2,300 Hz ndi kuyera, 1,200 Hz ndi chizindikiro. Njirayi sisamala za mlingo, ndipo mithunzi inazimiririka. Koma imadya malo. Chithunzi chawo choyambirira cha mizere 120 chinkatenga masekondi 8 kuti chikwane chimodzi. Ngakhale nditakweza manambalawo kufika kumene tepi ingathe, ndinayenera kuchepetsa zithunzi pa sekondi mpaka munthu ankaoneka ngati akudumphadumpha. Ndasankha mithunzi pang'ono kusiyana ndi kutaya kuyenda.

Dolby, batani la pa deki lochepetsa mkokomo wa tepi, ikhale yozimitsa nthawi zonse, pojambula ndi posewera. Imasintha mphamvu ya mawu okwera malinga ndi kukula kwawo, ndipo pa chithunzi zimenezi zimaoneka ngati wina akupaka mafuta pa galasi n'kupukuta, kupaka n'kupukuta.

Juni, masiku a chiperoni

Kwachita chinyezi ndipo makaseti ena ayamba kulira tswii podutsa pa hedi. Ndawaika m'chitini chotseka pamodzi ndi timapaketi tija timabwera m'mabokosi a nsapato.

Makaseti atsopano ndi osowa, ndiye ndikugwiritsa ntchito akale. Amene anathyoledwa timano toletsa kujambula ndimamata selotepi pa timabowoto. Ndisanafufute iliyonse ndimayamba ndamvera. Zambiri ndi nyimbo zokopera zimene zikupezeka paliponse. Koma ina ndinapeza mawu a mayi wachikulire akupereka moni kwa mwana wawo amene anali kutali, akutchula za mvula, za mbuzi, za amene amwalira m'mudzi. Imeneyo ndaiika padera, sindiikhudza.

Pa makaseti amene ndayesa, a chrome, olembedwa Type II, akupereka chithunzi chakuthwa kuposa wamba a Type I, chifukwa amasunga bwino mawu okwera ndipo mkokomo wake ndi wochepa. Mkokomo umene pa nyimbo umamveka kuti sss, pa chithunzi ndi mchenga wobalalika pa nkhope. A Fisher-Price nawo ankalimbikitsa chrome pa kamera yawo ija. Ma C120, a mphindi 120, ndawasiya, tepi yake ndi yopyapyala kwambiri ndipo deki imaitafuna. C60 ndiye yabwino: mphindi 30 mbali imodzi, zithunzi 22,500.

Pamene tepi inakwinyikapo kale, chithunzi chimachita mzere woyera kapena kuzima kwa kamphindi, n'kubwerera. Izi sindikonza.

Julayi: kuchoka pa kompyuta

Tsopano kachipangizo kenikeni. Ubongo wake ndi Raspberry Pi Pico, kabolodi kamene kanatuluka mu 2021 pa mtengo wa madola 4. Kali ndi mbali ziwiri zoganizira, ndiye imodzi imamvetsera tepi ndi kusaka tizizindikiro, inayo imajambula pa sikirini. Sikirini ndi ya ST7735, ya timadontho 128 ndi 160. Kadontho kalikonse ka pa tepi ndimakakulitsa katatu uku ndi uku, chithunzi n'kukhala 96 ndi 144, kutsala mpata wakuda m'mbali.

Pico imawerenga magetsi a pakati pa 0 ndi 3.3 volts, pamene mawu ochokera mu deki amakwera ndi kutsika kudutsa pa 0. Capacitor imodzi ndi ma resistor awiri ofanana zakweza mafundewo kuti akhale pakati. Zinthu zitatu zimenezi ndinazula pa bolodi la wayilesi yakufa.

Chimene chandidyera nthawi ndi phokoso. Sikirini ikamajambula, sipika inkalira tsi-tsi-tsi motsatira zithunzi, ndipo kulira kwa 400 Hz kunkadutsira ku mbali ya mawu. Kwina kunali kwa mawaya anga, amene anali aatali komanso opiringizana. Nditawafupikitsa, n'kulumikiza mawaya onse a ground, obwererako magetsi, pamalo amodzi, tsi-tsi uja anachepa. Kudutsira kwa pa tepi ndiye n'kwachibadwa: njira ya kumanzere ndi ya kumanja zagundizana pa tepi yosakwana mamilimita 4, imene yagawidwanso mbali A ndi mbali B. Ndatsitsa mphamvu ya kanema pojambula, ndipo ndaika kosefera kochotsa 400 Hz ku mbali ya mawu. Kukumvekabe chapansipansi munthu akasiya kulankhula. Ndikuganiza zongokusiya.

Chinthu china chimene sindinkachiyembekezera n'choti kachipangizoka kasanduka choyezera hedi. Hedi ikapendekeka pang'ono, mawu okwera amatayika, ndipo amisiri akale ankaiwongola ndi khutu, kutembenuza kasikuluu kam'mbali mpaka nyimbo imveke yowala. Apa ukuona ndi maso. Ukatembenuza kasikuluuko, maso a munthu wa m'chithunzi amasungunuka kukhala banga limodzi, ukabweza amapatukana kukhala awiri.

Julayi, chakumapeto

Ndinapita nako kwa madala aja ku Limbe, kali m'kabokosi ka sopo, mawaya ali panja. Magetsi anali atazima, ndiye tinalumikiza ku wayilesi yawo ya mabatire, yosiyana kotheratu ndi deki imene inajambula. Anaika kaseti okha, anadina batani. Sikirini inachita mchenga pamene kachigawo koyera ka kumayambiriro kwa tepi kankadutsa, kenako nkhope inagwa m'malo mwake, ikutembenuka.

Sananene kanthu. Anavala magalasi, anawerama, kenako anatsegula kachitseko ka kumbuyo kwa wayilesi, kamene kanalibe masikuluu, n'kugusitsa chala pa gudumu lolemera limene lamba amazungulitsa. Mawu a mphwanga anatsika kukhala a bambo wamkulu. Mutu wake unayamba kutembenuka mwaulesi. Koma chithunzi sichinagwe, mpaka atapanikiza kwambiri kupitirira malire aja a 132, ndi pamene chinabalalika. Atachotsa chala chinabwerera.

Anachita zimenezi kangapo, kenako anatulutsa kaseti, anasolola tepi pang'ono ndi chikhadabo, anaifinya pakati pa zala, anaibwezera ndi bolopeni. Pamalo pomwepo nkhope inang'ambika pakati n'kulumikizananso. "Ndimafuna ndione ngati simunabisemo foni," anatero. Ndinati, "Mwakhutira, bambo?" Anati akhutira, koma chithunzicho n'choipa. Sindinatsutse. Anyamata ogulitsa ma charger pa benchi yoyandikana anabwera kudzaona, mmodzi anafunsa kuti bwanji osangoonera pafoni, ndipo madalawo anamuuza kuti abwerere ku benchi yake.

Funso la mnyamatayo lili ndi nzeru, ndipo mbiri ikumuikira kumbuyo. Amene anayesa kugulitsa zinthu zoterezi ngati njira yeniyeni yoonera kanema anagwa nazo. A Telefunken anatulutsa TeD mu 1975, mbale yofewa yowerengedwa ndi singano, yosunga mphindi 10 zokha, ndipo sinakhalitse. A RCA anathera zaka zambiri akukonza mbale zawo za CED, zinatuluka mu 1981 VHS itagwira kale msika, ndipo pofika 1984 anasiya kupanga makina ake atataya madola mamiliyoni mazanamazana. PXL-2000 nayo sinakhalitse m'masitolo. Inadzatchuka pambuyo pake m'manja mwa anthu opanga mafilimu aluso, amene ankafuna chithunzi chake chamchengacho dala. Amene anamvetsa bwino nkhaniyi, m'kuona kwanga, ndi Gebhard Sengmüller wa ku Austria, yemwe mu 1998 anaonetsa VinylVideo, kanema wosungidwa pa mbale wamba za galamafoni. Iye anachita ngati akugulitsa chipangizo chimene chinaiwalika m'mbiri, akudziwa bwino kuti ndi sewero. Kanga nakonso sikakupikisana ndi foni. Kusiyana kwake n'koti kanema wa pafoni sungamugwire ndi chala n'kumuchedwetsa.

Ogasiti

Zimene zikugwira ntchito pofika pano: kujambula kuchokera pa kompyuta kupita pa kaseti, kusewera mu deki yanga, mu wayilesi ya aneba ndi ya madala aja popanda kusintha kalikonse, kudzitembenuza chithunzi chikabwera chadodolido, ndi mawu oyendera limodzi ndi milomo. Chomalizachi sindinachivutikire n'komwe, poti mawu ndi chithunzi zili pa tepi imodzi, china chikachedwa chinzake chimachedwanso.

Wayilesi za sipika imodzi zikukana. Hedi yake imawerenga kumanzere ndi kumanja pamodzi, ndiye mawu amalowa m'chithunzi, munthu akalankhula nkhope imachita mafunde. Njira imene ndikuiona ndi kukhala ndi makaseti ena opanda mawu, kanema yekha mbali zonse ziwiri. Komabe wayilesi zotere ndi zimene zili zambiri m'makomo, ndiye nkhaniyi sinathe.

Ndakulitsa malire aja kuchoka pa 108 ndi 132, kuti azisuntha motsatira mizere ingapo yapitayo m'malo mokhala pamalo amodzi. Tsopano mabatire akamafooka, kanema amangoyenda mwaulesi mpaka mota itaima, osabalalika. Ndi njira yomweyi ndikufuna kuona ngati chithunzi chingaonekebe, ngakhale mothamanga, pa madeki amene amalola kumvetsera uku ukupititsa tepi patsogolo.

Zolemba pa sikirini sizikuwerengeka pokhapokha zikhale zilembo zitatu kapena zinayi zazikulu. Mpira ndinayesa, chifukwa cha funso la madala lija, ndipo ndi timadontho toyera tikuthamangitsana pa imvi, mpira weniweniwo osaoneka. Chimene chikutuluka bwino ndi nkhope imodzi, pafupi, kuwala kukuchokera mbali imodzi, kumbuyo kuli kwakuda. Ndiye kaseti yoyamba yathunthu idzakhala ya agogo akusimba nthano, mphindi 30, ngati avomera kukhala pansi nthawi yonseyo osadzuka kukathamangitsa nkhuku.

Bokosi silinapangidwe. Kalipentala wa pafupi ndi kwathu wati ali ndi zidutswa za mlombwa zotsala pa chitseko, ndipo akufuna miyeso. Sindinamupatse, chifukwa sindinasankhe ngati deki ilowe m'kati momwemo kapena kachipangizoka kakhale kapadera, kolumikiza ndi waya ku wayilesi iliyonse. Madala aja akuti ali ndi makina a kaseti ochokera mu wayilesi ya galimoto, aang'ono, a 12 volts, otembenuza okha tepi ikafika kumapeto. Makina oterewa hedi yake kawirikawiri imawerenga mbali B mopendekeka mosiyana ndi mbali A, ndiye ndikayesa kaye ndi kaseti ya mphwanga ija Loweruka, ndisanapereke miyeso.